Chikuku cha Ana Awiri: Yambani Mwayang'ana Njira Yanu

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi pa nthawi ya alimi ndi mafumu. Tailemba pano kuti amene sanaimve aiwerenge, ndiponso kuti mafumu akaifotokozere anthu awo pabwalo.

 Lero sitikamba za chimanga kapena za ng'ombe. Tikamba za chikuku. Ndinene msanga kuti sindilikunena chikuku cha nthenda chija chimene ana amalandirira katemera ku sikelo, iai. Ndilikunena kangolo ka matayala kamene amaikamo ana aang'ono ndi kumakankha, makamaka kamene kamanyamula ana awiri nthawi imodzi.

Kapena wina wayamba kale kuseka, nati, "Kodi zimenezo si za m'tauni? Ife kuno mwana timabereka kumbuyo." Munthu wotere wanena zoona, ndipo ine sindinabwere kudzanyoza chitenje. Koma zikuku zafika kumidzi. Ana athu amene ali pa ntchito ku Johannesburg, ku Cape Town, ngakhale ku England, akamva kuti mlongo wawo wachira ndi mapasa amaimba foni ndi kufunsa kuti atumize chikuku chotani. Zina zimapezeka pa kaunjika, zina m'masitolo a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Tsono anthu ambiri amasankha ndi maso okha. Amaona nsalu yokongola ndi zitsulo zonyezimira, napereka ndalama. Patapita mwezi umodzi chikuku chili kukhonde, tayala litathyoka, nkhuku zilikuikiramo mazira. Ndalama yatayika, ndipo mwina mwana wagwa, wapweteka.

Mlimi wanzeru pogula ngolo kapena khasu la ng'ombe sayang'ana penti. Amayamba waganizira munda wake, ng'ombe zake ndi msewu wake. Chikukunso chisankhidwe motero. Muyang'ane msinkhu wa ana anu, njira imene mumayendamo, ndi khomo la nyumba yanu. Zina zonse zimabwera pambuyo.

Katundu wa mayi wa ana awiri

Poyamba tione vuto limene chikuku chifuna kuchepetsa. Khanda limabadwa lolemera makilogalamu atatu kapena pafupi pamenepo. Mwana wokula bwino akakwana chaka chimodzi amalemera makilogalamu 9, pa zaka ziwiri 12, pa zaka zitatu 14. Chotero mayi wa mapasa a chaka chimodzi amanyamula makilogalamu 18, ndiye kuti pafupifupi chigubu cha madzi cha malita 20 chodzaza. Koma chigubu sichiphupha, sichilira, ndipo ukatopa umachitula pansi.

Tiyerekeze mayi amene kwawo ndi makilomita asanu kuchokera ku chipatala. Tsiku la sikelo abereka wina kumbuyo, wina amnyamula m'manja kapena kutsogolo, mabuku a kuchipatala ndi matewera zili pamutu. Akafika amakhala pamzere dzuwa lili phwee, kenaka abwerera makilomita asanu omwewo. Mwezi wotsatira akaganiza za ulendo umenewu amagwa mphwayi. Ana akayamba kujomba ku sikelo amaphonya katemera, ndipo ngati wina wayamba kunyentchera palibe amene adziwa msanga. Apa mpamene chikuku chabwino chingathandize. Chimathandizanso chifukwa bambo, agogo kapena mwana wamkulu wa m'nyumbamo angathe kukankha, mayi napumako. Koma chimathandiza pokhapokha ngati chili choyenera njirayo.

Kumene chikuku chinachokera

Mbiri yake itiphunzitsa kanthu. Mu 1733 ku England, mmisiri wina dzina lake William Kent anapangira kangolo ana a mfumu ina yolemera yotchedwa Duke of Devonshire. Kangolo kameneka kanali kokokedwa ndi mbuzi kapena kavalo wamng'ono, m'minda yamaluwa yosalazidwa bwino. Mu 1877 William Wilson anayamba kupanga zikuku mu mzinda wa Leeds, ndipo dzina la kampani yake, Silver Cross, likalipo mpaka lero. Zikuku za nthawi imeneyo zinali zazikulu ndi zolemera, zoyenera misewu ya m'mizinda.

Mu 1965 Owen Maclaren, amene kale anali mmisiri wa ndege, anapanga chikuku cha zitsulo zopepuka chimene chimapindika ngati ambulera. Chinali cholemera makilogalamu atatu okha, chifukwa iye anafuna kuti makolo azitha kukwera nacho basi, sitima ndi ndege. Timatayala take tinali tating'ono, toyenda pa simenti. Ndipo mu 1984 munthu wina wa ku America, Phil Baechler, anayamba kugulitsa chikuku cha matayala atatu aakulu onga a njinga, chifukwa iye anafuna kuthamanga ndi mwana wake m'njira zokumbika.

Mwaona tsono kuti aliyense wa anthu amenewa anapanga chikuku cha njira imene anali kuiona pakhomo pake. Palibe mmodzi wa iwo amene anaganiza za mchenga wa ku Nkhotakota kapena mapiri a ku Ntcheu. Kuganiza kumeneko kwatsalira ife.

Mitundu itatu

Zikuku za ana awiri zilipo za mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi wa mipando yoyandikana, mwana wina kumanja, wina kumanzere. Ana onse amaona kutsogolo mofanana ndipo salimbirana malo. Mipando yonse iwiri nthawi zambiri imagonekeka. Chikuku chotere sichigubuduka msanga chifukwa matayala ake ndi otalikirana. Vuto lake ndi kutambalala. Chimakhala masentimita 75 mpaka 80 m'mimba mwake, kotero kuti sichilowa pakhomo laling'ono, ndipo sichiyenda m'kanjira ka phazi limodzi.

Mtundu wachiwiri ndi wa mipando yotsogozana, wina kutsogolo, wina kumbuyo, monga anthu okwerana pa njinga. Chimenechi ndi chochepa m'mimba ngati chikuku cha mwana mmodzi, ndipo chimalowa pakhomo mosavuta. Koma ndi chachitali, chovuta kukhota, ndipo chovuta kutukula kutsogolo mukafika pa mwala kapena pa ngalande. Pa zikuku zambiri zotere mpando wakumbuyo wokha ndiwo umagonekeka bwino.

Mtundu wachitatu ndi wosanja, mpando wina pamwamba, wina pansi chakumbuyo. Ndi chachifupi, chopepuka kukhota, ndipo mwana wamkulu akasiya kukwera mumachotsa mpando umodzi n'kutsala chikuku cha mwana mmodzi. Koma mwana wapansi ali pafupi ndi fumbi ndi matayala, ndipo saona zambiri. Mpando wakewo umadyanso malo oikapo katundu.

Palibe mtundu woposa inzake pa zonse. Kuti mudziwe woyenera inu, dzifunseni mafunso anayi.

Funso loyamba: Kodi ana ndi a msinkhu wanji?

Funso ili ndi la moyo, chotero mumvetsetse. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi silitha kulimbitsa khosi lake. Mukalikhazika pampando woimirira, mutu umagwera kutsogolo, chibwano n'kugunda pachifuwa, ndipo njira ya mpweya imapanikizika. Khanda lingathe kubanika mwakachetechete, lopanda kulira, mayi alikukankha osadziwa kanthu. Chifukwa chake khanda ligone chagada pamalo athyathyathya ndi olimba mpaka litayamba kukhala lokha. Ngati muli ndi mapasa akhanda, mipando yonse iwiri igonekeke mpaka pansi. Ngati muli ndi khanda ndi mkulu wake wopondana naye, mpando umodzi wogonekeka ndi wokwanira. Pogula musangomvera mawu a wogulitsa. Gonekani mpandowo ndi manja anu, muone nokha.

Palinso ana amene sayenera kulowa m'chikuku konse poyamba. Mapasa ambiri amabadwa masiku asanakwane, kapena osafika makilogalamu 2.5. Mwana wotere sasunga kutentha m'thupi mwake. Mankhwala ake ndi chifuwa cha mayi wake, khungu ndi khungu, atamangidwa ndi chitenje usana ndi usiku. Njira imeneyi, imene azachipatala amaitcha ya kangaru, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti ana otere aziikidwa pachifuwa atangobadwa. Akakhala awiri, bambo kapena agogo atenge mmodzi. Chikuku chidikire mpaka anamwino atanena kuti ana akula mokwanira. Ngakhale chikuku chodula chotani sichingapose chitenje pa ntchito imeneyi.

Muganizirenso za mwana wamkuluyo. Mipando yambiri inapangidwa kuti inyamule makilogalamu 15, ina 22, ndipo opanga amalemba zimenezi pa kansalu kosokerera kumpando. Mwana wa zaka zitatu watsala pang'ono kufika pa 15, ndiponso amafuna kuyenda yekha. Tsono ngati wamkulu wapitirira kale zaka ziwiri ndi theka, chikuku cha awiri muchigwiritsa ntchito miyezi yochepa chabe. Pamenepo ndi bwino kugula cha mwana mmodzi. Khanda likhale kumbuyo kwa amake, wamkulu akwere akatopa. Khanda likakula lidzalowa m'chikukumo. Koma kwa mapasa, kapena ana osiyana chaka chimodzi chokha, cha awiri chidzagwira ntchito zaka ziwiri kapena zitatu.

Funso lachiwiri: Kodi njira yanu ndi yotani?

Musanayankhe foni ya ku Joni ija, yendani njira ya ku chipatala, ya ku msika ndi ya ku tchalitchi kapena ku mzikiti mulikuyang'ana pansi. Kodi ndi ya mchenga, ya miyala, ya katondo wolimba, kapena ya makande a kudambo amene amamata m'dzinja? Kodi pali mlatho wa mitengo iwiri? Kodi pali chitunda?

Kumbukirani kulemera kwake. Chikuku cha awiri pachokha chimalemera makilogalamu 10 mpaka 16. Muonjezepo ana awiri ndi kachikwama ka matewera, mufika pa 35 kapena 40, kutsala pang'ono kufanana ndi thumba la feteleza. Aliyense amene anakankhapo wilibala yodzaza mumchenga adziwa tanthauzo lake.

Chinsinsi chonse chili pa matayala. Timatayala tating'ono ta pulasitiki, tonga chivindikiro cha kapu, ndi ta pa simenti ndi pa tala. Mumchenga timatitimira, pa miyala timasweka, ndipo tikasweka palibe wotikonza. Njira za kumudzi zifuna matayala aakulu, a masentimita 25 kapena 30 kupita m'mwamba. Ena ndi opopa, okhala ndi chubu ngati a njinga za ana. Amenewa amayenda mofewa, mwana sagwedezeka kwambiri, ndipo akaphulika ndi minga wokonza njinga wa pa msika angathe kumata. Ena ndi a mphira wokhawokha. Saphulika, koma ndi olimbirapo. Matayala akutsogolo amene amazungulira mbali zonse ndi abwino m'sitolo, koma m'njira yokumbika amavinavina. Funani amene ali ndi kotsekera kuti aziloza kutsogolo kokha.

Yang'ananinso kutambalala kwa njira. Ngati kwanu ndi tinjira topita pakati pa mizere ya chimanga, cha mipando yoyandikana sichidutsa. Ngati ndi msewu wa ngolo, ndicho chabwino koposa, pakuti sichipendekeka msanga. Ndipo ngati njira yanu ndi yokwera mapiri monga m'madera ena a Dedza, Neno ndi Thyolo, kapena yowoloka mitsinje, ndinene mosabisa kuti chikuku si chanu. Muuzeni mbale wanuyo kuti ndalamazo atumize za zofunda, za neti, za chakudya cha mayi woyamwitsa, kapena zolipirira galimoto tsiku la sikelo. Kukana mphatso yosathandiza si chipongwe.

Funso lachitatu: Kodi chilowa pakhomo ndi m'galimoto?

Chitseko chogula ku sitolo chimakhala masentimita 81 m'mimba, koma makomo ambiri a kumudzi ndi ochepera pamenepo. Tengani chingwe, muyese khomo lanu, mudule chingwecho, mupite nacho kumene mukagule. Ngati chikuku chilikuchokera kutali, muuzeni wotumizayo nambala ya masentimita. Chikuku chimene sichilowa m'nyumba chimagona panja, ndipo kumeneko mvula, dzimbiri, makoswe ndi akuba zilikuchidikira.

Muyesenso kuchipinda ndi kuchinyamula. Achite zimenezi ndi mayi amene adzachigwiritse ntchito, osati wogulitsa amene anazolowera. Kodi angathe kuchipinda yekha, khanda lili kumbuyo? Kodi chikapindidwa chingalowe m'minibasi yodzaza? Zikuku zambiri za awiri, ngakhale zitapindidwa, zimadya malo a munthu mmodzi, ndipo kondakitala angathe kufuna ndalama ya katundu. Pa kabaza wa njinga yamoto sichikwera bwino konse. Ngati maulendo anu ambiri ndi a minibasi, werengerani zimenezi musanagule.

Funso lachinayi: Kodi mabuleki ndi malamba zili bwino?

Ngolo yopanda mabuleki pa mtsetse tonse tidziwa mathero ake. Chikuku chabwino chili ndi chopondera kumbuyo chimene chimagwira matayala onse awiri nthawi imodzi. Chiyeseni motere. Musaikemo ana, koma ikanimo matumba awiri a chimanga kapena mchenga, lililonse la makilogalamu 12. Pitani nacho pamalo otsetsereka, pondani mabuleki, muchikankhe pang'ono. Chikasuntha, chisiyeni. Kenaka chotsani thumba limodzi, muone ngati chipendekeka, pakuti tsiku lina mwana mmodzi adzatsika mnzake akali momwemo.

Mpando uliwonse ukhale ndi malamba ake ogwira malo asanu: mapewa awiri, m'chiuno mbali zonse ziwiri, ndi pakati pa miyendo. Lamba wa pakati pa miyendo ndi wofunika kwambiri, chifukwa popanda iye mwana amatererekera pansi, mutu n'kukodwa pa chitsulo chakutsogolo. Malamba amangidwe moti zala zanu ziwiri zokha zilowe pakati pa lamba ndi mwana. Ana ambiri amene amapweteka ndi zikuku amapweteka pa zifukwa ziwiri, kugwa chifukwa sanamangidwe, ndi kugubuduka kwa chikukucho.

Yang'anani malo onse amene zitsulo zimapindikira. Mu 2009 ku America, zikuku za Maclaren pafupifupi 1,000,000 zinalengezedwa kuti zikonzedwe, chifukwa ana 12 anaduka nsonga za zala pa malo opindikirawo. Ngati zinachitika pa zikuku za kampani yodziwika chotero, zingachitike pa chikuku chilichonse. Potambasula kapena popinda, ana akhale patali. Mukatambasula, mumve kuti chotsekera chalira, ndipo muchigwedeze kuti mutsimikize kuti sichipindika ana ali momwemo. Zikuku zoyesedwa mwalamulo ku Ulaya zimalembedwa EN 1888, za ku America ASTM F833. Mukaona zilembo zimenezi ndi chizindikiro chabwino, koma manja anu ayesebe.

Kugula chakale

Chikuku chatsopano cholimba nthawi zambiri mtengo wake umaposa wa njinga yakapalasa, chotero ambiri adzagula pa kaunjika kapena kwa mnzawo amene ana ake akula. Palibe cholakwa. Chakale cholimba chiposa chatsopano chosalimba. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chitembenuzeni, muyang'ane kunsi. Funani ming'alu pa zitsulo, dzimbiri pa zolumikizira, mabawuti osowa kapena omangidwa ndi waya. Zunguzani tayala lililonse, mumve ngati likhula kapena ligwedera. Kokani malamba mwamphamvu, ndipo mutseke ndi kutsekula zomangira zake. Lamba akasowa mmodzi, musanene kuti tidzamanga ndi chingwe, chifukwa chingwe chingathe kukola khosi. Mukafika nacho kunyumba, chapani nsalu zonse ndi sopo ndi madzi otentha, muyanike padzuwa tsiku lonse, pakuti m'misoko mumabisala nsikidzi.

Ena amapita kwa owotcherera zitsulo kuti awapangire chikuku ndi matayala a njinga. Chingathe kulimba kuposa zogula, koma mmisiriyo mumuuze zinthu izi: mipando ikhale pansi, matayala atalikirane, pasakhale nsonga zakuthwa, masipoko atchingidwe kuti zala ndi mapazi zisalowemo, ndipo pakhale mabuleki ndi malamba. Koma wilibala si chikuku. Ili ndi tayala limodzi, ndipo ikagunda mwala imakhuthula zonse zili m'menemo.

Poyenda nacho

Mukagula chabwino, ntchito sinathe. Mumange ana nthawi zonse, ngakhale ulendo uli waufupi. Nthawi iliyonse mukaima pondani mabuleki, ngakhale pamalo ooneka osalala. Musakoloweke thumba la ufa kapena chigubu pa chogwirira, chifukwa chikuku chimagwa chagada, mitu ya ana n'kumenya pansi. Katundu aikidwe m'dengu la pansi, ndipo akhale wochepa. Chikuku si chopitira ku chigayo.

Chenjerani ndi dzuwa. Amayi ambiri amafunda chikuku chonse ndi chitenje kapena bulangeti kuti ana apeze mthunzi. Maganizo ndi abwino, koma nsalu imatsekereza mpweya, ndipo m'katimo mumatentha kuposa panja. M'miyezi ya October ndi November, makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, zimenezi zingathe kukomola khanda. Gwiritsani ntchito kadenga ka chikukucho, mbali zikhale zotsekula, ndipo nkhope za ana muziziona. Nthawi ndi nthawi gwirani pakhosi kapena pachifuwa pa mwana. Nyamukani mamawa dzuwa lisanakule.

Pa msewu wa galimoto yendani ku dzanja lamanja, kuti galimoto zobwera muzizionera kutsogolo. Powoloka, musatsogoze chikuku mumsewu inu mukali kuyang'ana uku ndi uku. Chikakhala cha mipando yotsogozana, mwana wakutsogolo amakhala ali kale pa tala inu mukali m'mphepete. Imani pambali pake, muone bwino, ndipo muwoloke. Mwana wamng'ono asapatsidwe chikuku kuti akankhe abale ake pafupi ndi msewu, chitsime, mtsinje kapena moto. Ndipo usiku ana asagone m'chikuku. Agone pamalo awo, m'neti yoteteza udzudzu.

Chisamalireni monga njinga. Chotsani matope ndi udzu wokulungana pa matayala, thirani kamafuta, limbitsani mabawuti, ndipo muchisunge pouma. Mukatero chidzalera ana anu ndi ana a mng'ono wanu.

Mawu kwa mafumu

Tsopano ndilankhule ndi inu eni mudzi. M'mudzi mukabadwa mapasa, ntchitoyo ndi yoposa mphamvu za mayi mmodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Pali zinthu zimene mfumu ingachite popanda ndalama.

Choyamba ndi njira. Pa tsiku la chitukuko, lambulani njira ya ku chipatala, kwirirani maenje, ndipo milatho ya pa timitsinje ikhale yotambalala mita imodzi kapena kuposapo. Njira imene chikuku chingadutse ndi yomweyo imene idzadutse njinga ya ambulansi, njinga ya munthu wolumala, ndi wilibala ya mlimi wopita ndi matimati ku msika.

Chachiwiri, ngati m'mudzi muli chikuku cholimba chimene ana ake akula, limbikitsani eni ake kuchibwereketsa kapena kuchigulitsa motchipa kwa banja limene lachifuna. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu achione kaye.

Chachitatu, lankhulani ndi abambo. Mwamuna amene sachita manyazi kukankha wilibala ya manyowa asachite manyazi kukankha ana ake. Ndipo anyamata amene amaseka bambo wopita ndi ana ku sikelo muwadzudzule pabwalo. Muwakumbutsenso abambowo kuti mapasa ndi mphatso imene munthu sasankha, koma kutumbiza kungapewedwe. Azaumoyo amalangiza kuti papite zaka ziwiri mwana atabadwa mayi asanaimenso, ndipo ku chipatala kuli thandizo la zimenezi.

Chachinayi, musalole kuti mayi anyozedwe, kaya chifukwa ali ndi chikuku, anthu n'kumati alikudzionetsa, kaya chifukwa alibe. Chofunika ndi chakuti ana onse awiri afike ku sikelo mwezi ndi mwezi, ali amoyo ndi athanzi.

Tsono foni ija ikaliranso, musayankhe kuti, "Tumizani chilichonse chokongola." Nenani msinkhu wa ana, nenani za njira yanu, nenani masentimita a khomo lanu, ndipo funsani za matayala, mabuleki ndi malamba. Safunsa anadya phula. Ngati pali chimene simunamvetse, kafunseni anamwino kapena alangizi a zaumoyo tsiku la sikelo.